Kamera Ijambula, Excel Iwelenga: Mmene Amadziwila Ngati M'sanga Mukali Nyama

Mwaionapo pikicha ija, nidziwa. Imazungulila pa Facebook na pa ma group ya WhatsApp: black and white, usiku wa mdima bii, nyalugwe ali pakati pa kanjila, maso akuwala monga matochi awili, pansi pali tsiku na nthawi, 02:47. Mumaika ka like, wina alemba ati Zambia yathu ni yodalitsika, basi mwapitilila kukaona ma results ya bola.

Manje imani pang'ono. Pikicha imeneyo ikutiuza chani? Ikutiuza kuti nyalugwe mmodzi anapita pamalo amenewo usiku umodzi. Chabe. Siikamba ngati anyalugwe alimo ambili kapena atsala awili. Siikamba ngati mbawala na njili zimene amadya zikalimo. M'sanga mukhoza kutha nyama mwakachetechete uku mapikicha akali kuoneka mushe, kaili nyalugwe womaliza nayenso pa kamera amaoneka bwino monga woyamba.

Amene amasamala nyama pa Zed amazidziwa izi. Ndiye chifukwa chake pikicha ikachoka m'sanga siithela pa Facebook. Imapita mu chinthu chimene ambili a ise tinali kuthawa ku computer studies: spreadsheet. Ee, Excel na Google Sheets, tumabokosi tuja tumene ba accountant amawelengela malipilo. Mmenemo ndiye mmene pikicha imasandukila umboni. Ndipo ngati mudziwa kulemba za chilimba, kapena kusunga buku la pa booth ya mobile money, nchito iyi mungaiphunzile olo pa foni.

Ine zanga za masiku onse ni ma show na ma album launch, so musade nkhawa, sinikutengani ku lecture. Tidzayenda pang'ono-pang'ono, ndipo pakati pa njila tidzakumana na DJ.

Mlonda amene sagona

Kamera za mtunduwu amazitcha camera trap kapena trail camera. Ni kabokosi kolingana na kawailesi kang'ono, kamene amamangilila ku mtengo m'mbali mwa njila ya nyama kapena pafupi na madzi. Mkati muli sensor imene imamva chinthu chofunda chikayenda patsogolo pake. Mbawala ikadutsa, kufunda kwa thupi lake kumasiyana na kwa udzu, kamera yajambula. Usiku imasewenzetsa kuwala kwa infrared, kumene maso athu sakuona, ndiye chifukwa chake mapikicha ausiku amabwela black and white. Imadya mabatile ang'ono aja a AA, imasunga zonse pa SD card, ndipo ingakhale m'sanga milungu ingapo popanda munthu kuigwila. Pa pikicha iliyonse imadinda tsiku na nthawi. Mfundo imeneyi isungeni, tidzaifuna kutsogolo.

Nzelu iyi si ya lelo. Ku America, ba George Shiras anali kuichita m'ma 1890. Anali kutchela chingwe panjila, nyama ikachikhudza kamera yajambula, flash yawala, ndipo mu 1906 magazini ya National Geographic inasindikiza mapikicha awo. Chimene chasintha masiku ano ni kuchuluka.

Mvelani izi. Ku Serengeti ku Tanzania, pulojekiti yotchedwa Snapshot Serengeti inaika makamera 225, ndipo kuyambila 2010 mpaka 2013 anajambula magulu a mapikicha okwana 1.2 miliyoni. Mwa onsewo, pafupifupi 322,000 chabe ndiwo anali na nyama. Enawo? Ambili ni udzu ukugwedezeka na mphepo dzuwa litatentha. Anthu oposa 28,000 anathandiza kuyang'ana mapikichawo pa intaneti, kulemba kuti iyi ni mbidzi, uyu ni fisi, apa palibe kanthu. Imwe gallery ya foni ikadzala mumasowa pikicha ya pa graduation. Nanga mulu wotele, popanda ndandanda, munthu angapezemo chani?

Pikicha imodzi, mzele umodzi

Tsegulani Google Sheets pa foni, ni ya mahala, ifuna chabe ka bundle. Pamwamba lembani mitu inayi. Column A ni nambala ya kamera. Column B ni tsiku na nthawi. Column C ni mtundu wa nyama. Column D ni kuti pa pikichapo zinali zingati. Kwatha. Pikicha iliyonse imene ili na nyama itenga mzele wake. Kamera K03, pa 14 July nthawi ya 02:47, nyalugwe, 1. Kamera K03, pa 14 July nthawi ya 06:12, njili, 4. Choncho mpaka SD card yonse ithe.

Ioneka monga nchito ya mwana wa Grade 7, koma apa ndiye pamene ambili amagwela. Kompyuta siganiza, imangomvela zimene mwaiuza. Mukalemba "mbawala" pa mzele umodzi, "mbabala" pa wina, "bushbuck" pa winanso, kwa iyo zimenezo ni nyama zitatu zosiyana, ndipo papepala sanga yanu yalemela na mitundu imene kulibe. Olo ka space kotsalila kumapeto kwa dzina kangakusokonezeni. Mankhwala ake ni data validation. Mumalemba ndandanda ya maina kamodzi, ndiye aliyense wolowetsa data amangosankha pa dropdown, osalemba za m'mutu mwake.

Tsiku nalo lili na msampha wake. Makamera ambili amalemba monga ku America, mwezi patsogolo. Kwa ise 03/07 ni 3 July, koma kwa kamera yotele ni 7 March. Mukasakaniza, nyama imene inapita mu nyengo yozizila muiika pakati pa mvula. Ndiponso mabatile akatha, makamera ena amabweza wotchi kumbuyo. Choncho amene apita kukasintha mabatile afunika kuyenda na kabuku, alembe tsiku na nthawi yeniyeni, aonenso ngati wotchi ya kamera igwilizana na ya pa foni yake.

Nanga ngati pa pikicha paoneka mchila chabe? Lembani "sizidziwika". Musachite manyazi, musalote. Bodza la mzele umodzi limalowa mu masamu onse a kutsogolo, ndipo palibe formula imene idzaligwila.

Lamulo la maminiti 30

Vuto lina ni ili. Anyani akapeza kamera amakhala pamenepo monga ise pa photo booth ya ku wedding. Uyu asuzumila, uyu akoka lamba, ana alumpha-lumpha. Gulu limodzi lingakupatseni mapikicha 200 mu ola limodzi. Pamene nyalugwe amadutsa kamodzi, pikicha imodzi, wapita. Mukangowelenga mapikicha, mudzakamba kuti sanga yonse ni ya anyani.

Ofufuza ambili amasewenzetsa lamulo losavuta. Ngati nyama ya mtundu umodzi yaonekanso pa kamera imodzimodziyo pasanathe maminiti 30, amawelenga kuti ni ulendo umodzi. Ena amatenga ola lathunthu. Chachikulu ni kusankha lamulo limodzi, kulilemba poonekela, na kusalisintha pakati pa nchito.

Mu spreadsheet muchita tele. Yambani na sort: column A poyamba, kenako C, pomaliza B, kuti mizele ya kamera imodzi na nyama imodzi itsatane malinga na nthawi. Mu kabokosi E2 lembani 1. Mu E3 lembani formula iyi:

=IF(AND(A3=A2,C3=C2,(B3-B2)*1440<30),0,1)

Ndiye ikokeleni pansi mpaka kumapeto. Musaope maonekedwe ake. Ikungofunsa mafunso atatu: kodi kamera ni imodzimodzi na ya mzele wapamwamba, nyama ni imodzimodzi, ndipo sipanapite maminiti 30? Zonse zikakhala ee, imaika 0. Chimodzi chikakhala iyai, imaika 1, kutanthauza ulendo watsopano. Nambala ija 1440 ni maminiti a tsiku limodzi, pakuti spreadsheet imawelenga tsiku lathunthu monga 1. Mapikicha 200 a anyani aja manje asanduka ulendo umodzi, alingana na nyalugwe.

Kamera inasewenza masiku angati?

Tiyelekeze kuti mwaika makamera 10 kwa masiku 30. Kuchulukitsa, mwapeza masiku a kamera 300. Mbawala yaoneka maulendo 40. Gawani 40 na 300, muchulukitse na 100, yankho ni 13.3. Kutanthauza kuti pa masiku 100 alionse a kamera, mbawala imaoneka pafupifupi ka 13. Nambala iyi amaitcha Relative Abundance Index, mwachidule RAI. Ubwino wake ni wakuti mungalinganize malo amene munaika makamera 10 na amene munaika 25, kapena chaka chino na chaka chamawa.

Koma m'sanga makamera amafa. Fisi amatafuna, njovu imathyola, moto umaocha, munthu amaba. Ngati kamera imodzi inaleka kusewenza itagwila masiku 10 chabe, masiku anu ni 280, si 300, ndipo yankho lakwela kufika 14.3. Ba conductor amvetsa izi: cashing ya basi imene inayenda mwezi wonse simungailinganize na ya basi imene inagona masiku 20 ku garage. Choncho mufunika sheet yachiwili ya makamera okha-okha: nambala yake, tsiku loika, tsiku lomaliza kusewenza. Amene alibe sheet imeneyi, manambala ake ni nkhani za pa bar.

Manje tiyeni kwa DJ

Tafika pa mau aakulu aja, biodiversity. Tanthauzo lake ni kusiyanasiyana kwa zamoyo pamalo. Njila yoyamba yopimila ni kuwelenga mitundu: taona mitundu ingati ya nyama? Apa mumasewenzetsa pivot table. Column C muiika ku Rows, column E muiika ku Values kuti iphatikizidwe, ndipo mu kamphindi mwapeza dzina la nyama iliyonse na maulendo ake. Mizele 5,000 yasanduka tebulo limene lingakwane pa screen ya foni.

Koma kuwelenga mitundu chabe kumanamiza. Ganizilani ma DJ awili pa Friday. Onse ali na mitundu inayi ya nyimbo: amapiano, kalindula, rhumba na Zed hip-hop. Aliyense aliza nyimbo 100. Woyamba aliza 40, 30, 20 na 10. Wachiwili aliza amapiano 85, zinazo zisanu-zisanu. Papepala onse analiza mitundu inayi. Koma amene anali kwa wachiwili adziwa kuti unali usiku wa amapiano, ndipo okonda kalindula anabwelela kunyumba akudandaula.

M'sanga ni chimodzimodzi. Titenge malo awili, manambala ongoyelekezela kuti tiphunzilepo. Malo A: mbawala maulendo 40, njili 30, nungu 20, nyalugwe 10. Malo B: mbawala 85, njili 5, nungu 5, nyalugwe 5. Konse mitundu ni inayi, maulendo ni 100. Koma ku Malo B mitundu itatu ili pa ulusi, kangachitike kanthu kang'ono basi yasowa.

Nambala imene imaonetsa kusiyana kumeneku ni Shannon index. Dzina linachokela kwa ba Claude Shannon, katswili wa masamu wa ku America, amene mu 1948 anali kufufuza za mauthenga oyenda pa mawaya a foni. A zachilengedwe anabweleka masamu awo. Mu spreadsheet ni masitepe atatu chabe. Maina a nyama ikani mu column G, maulendo mu H. Mu I2 lembani =H2/SUM(H$2:H$5) kuti mupeze gawo la nyama iliyonse, monga mbawala ya ku Malo A ni 0.4. Mu J2 lembani =-I2*LN(I2). Kokelani zonse pansi, ndiye phatikizani column J.

Ku Malo A mudzapeza 0.37, 0.36, 0.32 na 0.23, zonse pamodzi 1.28. Ku Malo B mudzapeza 0.14, 0.15, 0.15 na 0.15, pamodzi 0.59. Nambala ikakwela, ndiye kuti mitundu ni yambili ndipo yagawana malo bwino.

Mwina mufunsa, 1.28 ya chani? Si kwacha, si kilo. Zoona, payokha ni yovuta kumva. So chitani sitepe imodzi yowonjezela: lembani =EXP(1.28), yankho ni 3.6. Ya Malo B, =EXP(0.59), ni 1.8. Manje yamveka. Malo A ali monga muli mitundu pafupifupi inayi yolingana mphamvu. Malo B, olo kuti maina ni anayi, ali monga muli mitundu yosakwana iwili. Iyi ndiye nambala imene mungafotokozele amfumu kapena ba councillor osatuluka thukuta.

Palinso mlongo wake, Simpson index, wa mu 1949. Formula ni yaifupi: =1-SUMSQ(I2:I5). Malo A ni 0.70, Malo B ni 0.27. Tibwelele kwa DJ: mukalowa mu bar kawili pa nthawi zosiyana, mwayi wakuti mupeze mitundu iwili yosiyana ya nyimbo ni 70 pa 100 kwa woyamba, 27 pa 100 kwa wachiwili. Chenjezo limodzi: nyama imene ili na maulendo 0 ichotseni pa tebulo musanayambe Shannon, apo ayi LN idzakulavulilani #NUM! ndipo mudzaganiza kuti foni yafa.

Column B ikali na nkhani ina, ya nightlife. Mukalemba =HOUR(B2) mumapeza ola limene nyama inadutsa, ndipo pivot table ingakuonetseni kuti ndani amayenda m'mawa, ndani amayenda pakati pa usiku. Izi si zosekelela chabe. Kafukufuku amene anatuluka mu magazini ya Science mu 2018 anaonetsa kuti nyama zambili padziko, kumene anthu amazisokoneza, zimasinthila kuyenda usiku. Ngati nyama imene mumaidziwa kuti ni ya masana yayamba night shift, funsani kuti masana ikuthawa ndani.

Zimene tumabokosi situngakuuzeni

Apa tikambe chilungamo, kaili manambala amanyengelela. RAI si chiwelengelo cha nyama. Maulendo 40 a mbawala angakhale mbawala 40, angakhalenso mbawala imodzi imene imakonda njila imeneyo monga mmene imwe mumakondela kantemba kamodzi. Kamera ya pa msewu wa fumbi idzaona afisi na anyalugwe kawili-kawili, chifukwa amakonda kuyenda m'misewu. Kamera yomangidwa pamwamba maningi idzaphonya tunyama tung'ono. Njoka na abuluzi, amene thupi lawo limatsatila kutentha kwa pamalo, sensor imavutika kuwamva. Ndipo nyama kusaoneka pa kamera sikutanthauza kuti kulibe. Mwina masiku anachepa.

Shannon nayo ili na khungu lake: siidziwa maina. Kwa iyo mbuzi na ngaka ni zofanana, mtundu ni mtundu. Ngati ng'ombe, mbuzi na agalu a m'mudzi ayamba kulowa pa kamera, nambala ingakwele pamene sanga ikuonongeka. Choncho ziweto na anthu muzilembe, koma muziwelenge padela. Ndipo polinganiza malo awili kapena zaka ziwili, zonse zifanane: nyengo imodzi, kutalika kumodzi komangila kamera, lamulo limodzi la maminiti.

Pofuna kudziwa kuti nyama zilipo zingati zenizeni, pafunika kuzindikila iliyonse payokha. Kwa nyalugwe zimatheka, chifukwa mawanga ake ali monga chidindo cha chala pa NRC, palibe awili ofanana. Ofufuza amaika makamera awili moyang'anana kuti ajambule mbali zonse ziwili za thupi, ndiye aliyense apatsidwa nambala yake. Kafukufuku wotele anachitika ku chigwa cha Luangwa, na ofufuza a Zambian Carnivore Programme pamodzi na anzawo, ndipo zotsatila zinatuluka mu 2016: anyalugwe anali ochuluka mkati mwa South Luangwa National Park kusiyana na m'malo oyandikana nayo amene chitetezo chake n'chochepa. Masamu omaliza a nchito yotele amachitika mu mapulogalamu aakulu monga R, koma chakudya cha mapulogalamuwo ni mizele yomweyi ya kamera, tsiku na nyama.

Nanga ise a m'komboni zitikhudza bwanji?

Zambia ili na ma national park 20 na ma Game Management Area 36, ndipo pamodzi atenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dziko. Kafue yokha ni ma square kilomita 22,400. Palibe scout amene angayende pansi n'kuwelenga nyama zonsezo, makamaka zoyenda usiku. A Department of National Parks and Wildlife, amene likulu lawo lili ku Chilanga ndipo analowa m'malo mwa ZAWA mu 2016, amasewenza na mabungwe monga Zambian Carnivore Programme, Panthera na African Parks. Onsewa amafuna manambala kuti adziwe kumene atumize ma patrol na kumene zinthu zavuta.

Manambala amafika mpaka ku cabinet. Mu 2013 boma linaletsa kusaka mikango na anyalugwe, nkhawa inali yakuti zachepa. Mu 2015 linalengeza kuti chiletsocho chichoka. Ovomeleza na otsutsa onse anali kukangana pa funso limodzi: zatsala zingati? Pamene palibe chiwelengelo chodalilika, amene ali na mau aakulu ndiye amawina.

Palinso nkhani imene tiidziwa tonse koma timakamba chapansi-pansi: nyama youma ya m'sanga imene imagulitsidwa mwakabisila m'tauni. Yambili imagwidwa na misampha ya waya, ndipo waya susankha. Umagwila mbawala, umagwila njili, umagwilanso mkango na mimbulu. Olo mkango upulumuke ku waya, chakudya chake chikatha nawonso uchepa. Zimenezi pa pikicha imodzi sizioneka. Zimaonekela mu spreadsheet, pamene RAI ya nyama zodya udzu itsika chaka na chaka pa makamera a kufupi na malile a paki. Amene agula ka packet ku Lusaka kapena ku Kitwe, mu mzele umenewo alimo.

Nyama zikatha, nchito nazo zimatha. Ku Mfuwe kuli ma guide, ma driver, ophika, ochapa na osema ziboliboli amene amadyela alendo obwela kudzaona nyalugwe na nyamalikiti wa Thornicroft, amene kwawo ni chigwa cha Luangwa chokha padziko lonse. Ambili a ise tili na m'bale kumeneko amene amatuma ka something pa foni mwezi ukatha.

Ndipo musaganize kuti sayansi iyi ni ya azungu ovala khaki. Ba Thandiwe Mweetwa anakulila ku Mfuwe, anakhala katswili wa mikango ku Zambian Carnivore Programme, ndipo mu 2016 a National Geographic anawasankha kukhala Emerging Explorer. Sinikukulonjezani nchito, nisaname. Koma munthu amene adziwa kuyeletsa data, kupanga pivot table na kufotokoza tanthauzo la nambala ali na luso limene limafunikanso ku shop, ku clinic na ku mabungwe ochita ma survey. Masiku ano kuli AI, monga MegaDetector na Wildlife Insights, imene imathandiza kuchotsa mapikicha a udzu na kuyesa kutchula nyama. Imafulumizitsa nchito, zoona, koma imalakwitsa, ndipo pafunikabe munthu woona ngati imene yatchedwa impala si puku.

Muyambile apa

Simufunika kamera kuti muyambe. Lelo lomwe, lembani manambala a Malo A na Malo B mu Google Sheets, muone ngati mupeza 1.28 na 0.59. Mukapeza, ndiye kuti formula mwaigwila. Kenako pangani data yanu. Kwa milungu iwili, m'mawa ulionse khalani pa yard maminiti 15, mulembe mbalame iliyonse imene mwaona: njiwa, khwangwala, pumbwa, mpheta. Mnzanu wa ku komboni ina achite chimodzimodzi pa ola lomwelo. Pomaliza linganizani Shannon yanu na yake, muone ngati kumene kuli mitengo yambili kuli kusiyana.

Mukafuna mapikicha enieni a camera trap, pitani pa Zooniverse pa intaneti, mufunefune mapulojekiti a Snapshot Safari. Aliyense amaloledwa kuthandiza kutchula nyama, mahala, ndipo maso anu adzazolowela kusiyanitsa nyama olo mumdima. Amene muli ku Lusaka, Lusaka National Park inatsegulidwa mu 2015 ndipo ili pafupi, pitani mukaone mbidzi na nyamalikiti na maso anu. Amene mufuna kupita nazo patali, ku Copperbelt University ku Kitwe kuli maphunzilo a kasamalidwe ka nyama za m'sanga.

Malamulo atatu musaiwale. Loyamba, mu paki simuika kamera popanda chilolezo cha a National Parks. Lachiwili, malo enieni a kamera, GPS yake, si ya pa status. Mukaonetsa kumene ngaka kapena chipembele chimadutsa, mwalembela opha nyama mapu. Lachitatu, kamera imajambulanso anthu, amai otola nkhuni na ana oweta mbuzi. Mapikicha awo si oseketsa nawo pa group.

So ulendo wina pikicha ya nyalugwe ikadutsa pa timeline yanu, ikani like, palibe mlandu. Koma mufunsenso: makamera anali angati, anasewenza masiku angati, ndipo chaka chatha manambala anali bwanji? Amene angayankhe mafunso atatu amenewa ndiye adziwa ngati nyalugwe uja akali na anzake m'sanga.